Nyimbo pa Njinga Yamoto: Makutu Ndiwo Alipira

Kale mzinda wa Chipata unali kudziwika ndi njinga zopalasa. Njinga za Eagle zinali kumangidwa konkuno pa fakitale ya Luangwa Industries, ndipo belu la njinga ndilo linali kumveka m'miseu ya ku Kapata ndi ku Mchini. Masiku ano zinthu zasintha. Njinga zamoto, zimene anthu ambiri angozicha kuti honda ngakhale zikhale za Boxer kapena TVS, zadzaza ponse-ponse. Zinyamula azimai opita ku msika, ana a sukulu, odwala opita ku cipatala ndiponso amalonda othamangira ku malire a Mwami. Mabanja ambiri m'makomboni adya nsima cifukwa ca honda.

Mnyamata woyendetsa honda akhala pa mseu kuyambira mbandakuca kufikira usiku. Nchitoyi ndi yotopetsa, motero ambiri amvera wailesi kapena nyimbo ali paulendo. Ena aika mahedifoni m'makutu, ena amangirira sipika pa mahandulo, ndipo ena afunsa-funsa za wailesi ya setilaiti imene aiona pa njinga za kunja. Kukonda nyimbo si mlandu. Koma njira zimenezi sizifanana pa nkhani ya umoyo. Zina zitha makutu pang'ono-pang'ono mwini wake osadziwa, ndipo zina zibisa kulira kwa hutala pa nthawi imene moyo wadalira hutalayo.

Mphepo payokha ndi phokoso kale

Kukula kwa phokoso kupimidwa ndi muyeso wochedwa madesibelo. Anthu awiri akamaceza bwino-bwino, mau ao afika pa madesibelo 60. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti munthu wamkulu angamve phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda bvuto. Phokoso likakwerako pang'ono, nthawiyo icepa msanga kwambiri. Pa madesibelo 90 nthawi yololedwa ndi maola 4 cabe pa sabata. Pa 95 ndi ola limodzi ndi mphindi 15, ndipo pa 100 ndi mphindi 20 zokha.

Ofufuza a ku Britain amene anapima phokoso m'kati mwa mahelemeti m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti njinga ikathamanga makilomita 60 pa ola, mphepo yokha ipanga phokoso la madesibelo pafupi-fupi 90 pa khutu la woyendetsa. Liwiro likaonjezeka, phokoso nalonso likwera. Kucokera m'tauni ya Chipata kukafika pa malire a Mwami ndi makilomita pafupi-fupi 20. Pa liwiro limeneli ulendo utenga mphindi 20 kupita ndi mphindi 20 kubwera. Woyendetsa akapita ndi kubwera kasanu ndi kamodzi, maola 4 aja atha. Amene ali ndi makasitomala ambiri akwanitsa maulendo amenewo pa masiku awiri okha, sabata ikali kutali.

Zonsezi zicitika wailesi isanatsegulidwe n'komwe. Kuti nyimbo imveke pakati pa mphepo yotere iyenera kupambana mphepoyo, motero cala cithamangira pa voliyumu. Mahedifoni ambiri akakwezedwa mpaka kumapeto afika pa madesibelo 100 kapena kupitirira apo. Ndiye kuti ulendo umodzi wokha wopita ku Mwami umaliza gawo la sabata yathunthu. Njinga imene anaicotsa sailensa kuti izilira mwamphamvu ingoonjezera bvutoli.

Cimene cicitika m'kati mwa khutu

M'kati mweni-mweni mwa khutu, kupitirira kang'oma kaja, muli kaciwalo kopindika ngati cigoba ca nkhono. M'menemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya ting'ono-ting'ono, pafupi-fupi 15,000 m'khutu limodzi. Timeneti ndito tisandutsa mau kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu litigwetsa monga mmene mkuntho ugwetsera cimanga m'munda. Likakhala la kanthawi kocepa, tidzukanso pakapita maola angapo kapena tsiku. Ndico cifukwa cake munthu wocokera pa phokoso amva makutu kulira, kapena amva ngati muli thonje, koma m'mawa apeza kuti ali bwino. Tikamagwetsedwa tsiku ndi tsiku tifa, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe jekeseni, mapiritsi kapena mankhwala odontheza amene angatibweze. Makina othandiza kumva angokuza mau, sabwezera khutu mwakale.

Coipa cake n'cakuti ugonthi wotere supweteka, ndiponso sutulutsa magazi kapena mafinya. Uyamba ndi mau opyapyala, monga a ana ang'ono ndi kulira kwa mbalame. Munthu amva kuti wina alankhula koma sagwira bwino zimene zanenedwa, maka-maka pa msika kapena pa maliro pamene anthu ali ambiri. Mu 2019 bungwe la WHO linacenjeza kuti acinyamata oposa 1 biliyoni pa dziko lonse ali pa ngozi yoononga makutu ao kaamba ka kumvera nyimbo mokweza. Woyendetsa honda ngozi yake ndi yowirikiza, popeza iye ali ndi nyimbo ndi mphepo yomwe.

Khutu ndilo galasi lacitatu

Njinga iri ndi magalasi awiri oonera kumbuyo, ndipo kambiri limodzi likhala losweka kapena logulula. Maso aona kutsogolo kokha, koma khutu limva mbali zonse. Pa mseu wa ku Mwami papita malole akulu-akulu a katundu wa ku Malawi, mabasi, ngolo za ng'ombe, njinga za makala ndi ana oyenda pansi. Lole ikamabwera kumbuyo, cimene cicenjeza woyendetsa poyamba ndi kulira kwa injini kapena hutala. Ubongo udziwa kumene mau acokera poyerekeza zimene makutu awiri amva. Khutu limodzi likatsekedwa, munthu amva hutala koma asokonezeka kuti yalirira mbali iti. Onse awiri akatsekedwa, ndi paja akulu anati wosamva anamva nkhwangwa iri m'mutu.

Ngozi ina icokera ku manja ndi maso. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, njinga iyenda mamita pafupi-fupi 17 pa sekondi iriyonse. Woyendetsa akayang'ana pa foni kwa masekondi atatu kuti asinthe nyimbo, wayenda mamita 50, theka la bwalo la mpira, osaona kutsogolo ndiponso atagwira ndi dzanja limodzi. Bungwe la WHO linena kuti woyendetsa amene agwiritsa nchito foni angacite ngozi kowirikiza kanai kuposa mnzake wosagwira foni. Lamulo la pa mseu la dziko lino la mu 2002, limene a RTSA ndi apolisi ayang'anira, liletsa kugwira foni m'manja poyendetsa, ndipo lifuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse abvale helemeti.

Kumene nyimbo zicokera

Wailesi ya setilaiti. Anthu ambiri anaiwala kuti mu Africa munali wailesi yotere. Kampani ya WorldSpace, imene anaiyambitsa a Noah Samara obadwira ku Ethiopia, inaponya kumwamba setilaiti yochedwa AfriStar mu October 1998. Cimodzi mwa zolinga zao cinali kufalitsa uthenga wa matenda a Edzi kufikira kumidzi. Koma mawailesi ake anali odula, ndipo mu 2008 kampaniyo inagwa ndi ngongole. Wailesi ya setilaiti imene ioneka pa njinga zikulu-zikulu za kunja masiku ano ndi ya SiriusXM, ndipo iri ya ku America ndi ku Canada cabe. Munthu akaitanitsa kacipangizo kameneko kuti abwere nako ku Chipata wataya ndalama, cifukwa sikadzalankhula. Machanelo a nyimbo a pa DStv afuna dishi yomangidwa malo amodzi yosagwedezeka, motero pa njinga sangatheke.

Wailesi ya FM. Iyi ndiyo yosabvuta ndiponso yaulere. Ku Chipata kumveka Breeze FM, imene a Mike Daka anaiyambitsa mu 2002, Radio Maria, ndiponso ZNBC Radio 1 imene iulutsa m'zinenero za m'dziko muno kuphatikizapo Cinyanja. Ubwino wake ndi wakuti munthu atsegula kamodzi ndipo sagwiranso. Msampha wake uli apa: mafoni ambiri sagwira FM popanda kulumikiza waya wa mahedifoni, cifukwa wayayo ndiye agwira nchito ya eriyo. Ici ndico cikopa anyamata kuika mahedifoni m'makutu. Koma pa mafoni ambiri waya angalumikizidwe mau n'kumatulukira pa sipika ya foni, mahedifoniwo ali m'thumba.

Nyimbo za pa intaneti. Pali Boomplay, Audiomack, YouTube ndiponso Spotify imene inafika m'Zambia mu 2021. Zimenezi zidya bandulo. Nyimbo yomveka bwino pakati-kati idya pafupi-fupi megabaiti imodzi pa mphindi. Pa ola ndi mamegabaiti 60, ndipo pa tsiku la maola 8 ndi pafupi-fupi theka la gigabaiti. Makanema adya zoposa pamenepo. Ndalama imeneyo icoka pa ya mafuta ndi ya ndiwo. Cina n'cakuti dera la Chipata ndi la mapiri. Netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel ikadukiza, nyimbo iima, ndipo woyendetsa apisa m'thumba kuti aone cabvuta n'ciani. Pafupi ndi malire foni nthawi zina ilumphira pa netiweki ya ku Malawi, nyimbo n'kuimanso. Pa njira zonse, iyi ndiyo iitana dzanja kawiri-kawiri.

Memori kadi. Nyimbo zoikidwa kale pa memori kadi, kapena zokoperatu pa foni kunyumba, sizidukiza ndipo sizifuna bandulo paulendo. Woyendetsa angasankhiretu nyimbo zake njinga isananyamuke, n'kuika foni m'thumba lotseka. Pa nkhani ya manja ndi maso, memori kadi ndi FM ndizo zipambana zonse.

Kumene mau atulukira

Khutu siridziwa ngati nyimbo yacokera pa FM kapena pa intaneti. Cimene lidziwa ndi kukula kwa mau ndi malo amene mauwo atulukira.

Mahedifoni olowa m'khutu, a waya kapena a Bluetooth, ndiwo oipitsitsa pa njinga. Atseka njira ya khutu ndipo athira phokoso lonse pa kang'oma. Oopsa koposa ndi aja amakono ozimitsa phokoso la kunja, cifukwa anapangidwira dala kuti munthu asamve zomzungulira. Ndiponso helemeti ikawakanikiza apweteka, ndipo mnyamata asankha kubvula helemeti m'malo mocotsa mahedifoni. Kumeneko ndi kusinthanitsa mutu ndi nyimbo. Akatswiri amene anasonkhanitsa zofufuza za m'maiko osiyana-siyana mu 2008 anapeza kuti helemeti icepetsa imfa ndi 42 peresenti, ndipo kubvulala kwa mutu ndi 69 peresenti.

Hedifoni imodzi yokha icepetsako ngozi ya pa mseu koma siithetsa. Khutu lotsekedwalo lilandirabe phokoso lonse, ndipo mwini wake akweza voliyumu koposa cifukwa khutu linalo limva mphepo.

Timasipika topyapyala tomatidwa m'kati mwa helemeti tiri bwinoko, popeza sitilowa m'khutu ndipo mau a kunja apeza polowera. Timeneti tifuna helemeti yeni-yeni yophimba makutu. Cipewa ca omanga nyumba si helemeti ya njinga. Munthu asaboole kapena kusema cinkhupule coyera ca m'kati mwa helemeti kuti sipika ikwane, cifukwa cimeneco ndico cilandira mphamvu ya kugwa m'malo mwa mutu. Voliyumu isapitirire magawo 6 mwa 10. Ngati nyimbo siimveka pa voliyumu imeneyo, ndiye kuti mphepo yakula kale, ndipo cofunika ndi kuzima kapena kucepetsa liwiro.

Sipika ya pa mahandulo isiya makutu onse awiri otseguka. M'komboni, mmene njinga iyenda pang'ono-pang'ono, iyi ndiyo njira yabwino kuposa zonse, malinga voliyumu iri yotsika. Pa mseu waukulu mphepo imeza mau ake, ndipo kuikweza kubisanso hutala. Ena akhazika mwana pa thanki, nkhope yake pa sipika peni-peni. Malo amenewo ndi oopsa kale kwa mwana, ndiponso muyeso wa WHO kwa ana ndi wotsika: madesibelo 75 kwa maola 40 pa sabata.

Pa ulendo wautali, monga wa ku Katete kapena ku Lundazi, cimene makutu afuna ndi citetezo. Timapulagi tofewa ta m'makutu, togulitsidwa m'masitolo a zobvala za anchito a m'mafakitale, ticepetsa phokoso la mphepo koma sititulutsa phokoso lina lopikisana ndi hutala. Thonje silithandiza kweni-kweni. M'tauni, pa liwiro locepa, timapulagi sitifunika. Nyimbo ikoma bwino pa siteji podikira makasitomala, injini itazima. Tulo tikagwira paulendo, nyimbo si mankhwala ake. Woyendetsa aime pambali, apumule.

Matenda ena obwera ndi mahedifoni

Mu October ndi November, pamene dzuwa liri pa ukali wake, thukuta lidzaza m'helemeti. Khutu lotsekedwa tsiku lonse likhala lonyowa, ndipo tizirombo toyambitsa matenda tiswana mosabvuta. Khutu liyamba kuyabwa, kutupa ndi kupweteka likakhudzidwa. Kubwerekana mahedifoni pa siteji kusamutsa tizirombo kucoka kwa wina kupita kwa mnzake. Mahedifoni akankhiranso phula m'kati mpaka litseka njira. Phula limenelo lisakolokosedwe ndi kamtengo ka macisi, nthenga ya nkhuku kapena kiyi wa njinga, cifukwa kang'oma sikacedwa kubooka. Kucipatala alifewetsa ndi kulicotsa bwino. Munthu amene khutu lake lituluka mafinya asaikemo hedifoni kapena pulagi kufikira atacira.

Amene analandirapo jekeseni za streptomycin, kanamycin kapena gentamicin ayenera kusamala koposa, pakuti mankhwala amenewa angafooketse kumva ndipo phokoso lionjezerapo. Kwinini nayenso aliza makutu, koma kulira kwake kambiri kutha mankhwala akatha.

Zimene a m'nyumba angaone

Oyamba kuzindikira kuti makutu ayamba kufooka kambiri ndi mkazi, makolo kapena ana, mwini wake akali kukana. Zizindikiro zake ndi izi:

- afunsa kawiri-kawiri kuti, "Mwati ciani?"
- akweza wailesi kapena TV kufikira ena adandaula;
- usiku amva makutu kulira ngati muli nyenje;
- alankhula mokuwa iye osadziwa;
- pa gulu la anthu akhala cete cifukwa satsatira nkhani.

Pali njira ziwiri zopimira phokoso popanda makina. Ngati munthu woima pafupi amva nyimbo yotuluka m'mahedifoni a mnzake, voliyumu yapitirira. Ngati munthu wotalikira mkono umodzi ayenera kukuwa kuti amveke, phokoso la pamalopo lafika poononga makutu.

Munthu woona zizindikiro zimenezi apite ku kiliniki yapafupi, ku cipatala cacikulu ca Chipata Central, kapena ku cipatala ca Mwami Adventist cimene cathandiza anthu a dera lino kuyambira mu 1927. Acipatala aunika m'khutu ndi kanyali, acotsa phula ngati lilimo, ndipo aciza matenda ngati alipo. Kambiri bvuto lithera pomwepo. Ngati pafunika kupima kumva ndi makina, iwo ndiwo alemba kalata yotumiza wodwala kumene kuli akatswiri a makutu, monga ku UTH kapena ku Beit CURE mu Lusaka. Kumva kumene kwatayika ndi phokoso sikubwerera, koma kotsalako kungasungidwe munthu akasintha msanga. Khutu likaleka kumva mwadzidzidzi, munthu apite ku cipatala tsiku lomwelo, cifukwa mankhwala ake athandiza m'masiku oyamba.

Okwera naonso ali ndi mbali yao. Mai wapakati kapena gogo wopita ku cipatala ali ndi ufulu wopempha woyendetsa kuti acotse mahedifoni njinga isananyamuke. Akakana, honda zina ziripo pa siteji. Eni njinga amene alemba anyamata nchito angaike lamulo limeneli pamodzi ndi la ndalama za tsiku, ndipo atsogoleri a pa siteji angapangane cimodzi-modzi.

Ngozi ikacitika

Munthu akagwa pa njinga ndipo m'khutu mutuluka magazi kapena madzi oyera, cingakhale cizindikiro cakuti fupa la pansi pa cigaza lasweka. Khutulo lisatsekedwe ndi thonje ndipo musathiridwe kanthu. Lingophimbidwa pamwamba ndi nsalu yoyera. Khosi lisagwedezedwe, ndipo helemeti isabvulidwe pokhapokha ngati munthuyo alephera kupuma. Wobvulala wotere asakwezedwenso pa honda ina ngati galimoto ingapezeke. Nambala ya apolisi ndi 991. Ngakhale amene wadzuka yekha n'kumayenda, akayamba kusanza, kuodzera kapena kumva mutu kupweteka kwambiri, athamangire naye ku cipatala osadikira kuti kuce.

Pa 3 March caka ciriconse maiko akumbukira tsiku la kumva, koma woyendetsa honda asankha za makutu ake m'mawa uliwonse pamene aliza njinga. Zoyenera kukumbukira ndi zocepa: m'khutu musalowe hedifoni, voliyumu ikhale yotsika, nyimbo zisankhidwe njinga isananyamuke, foni ikhale m'thumba ndipo helemeti ikhale kumutu. Mnyamata wa zaka 22 lero adzafuna makutu omwewo ali ndi zaka 50, kuti amve hutala, kasitomala pa foni ndi mau a adzukulu ake. Matayala, cheni ndi mabuleki zikatha zigulidwa ku Down Shops, koma sitolo yogulitsa makutu kulibe.